Hilux ya 4Y: ndikachotsa phazi moto sutsika, vuto ndi kebulo kapena kabuleta?

Mlimi wa ku Chadiza

Moni nonse akuluakulu. Ndili ndi Hilux yakale ya petulo, injini ya 4Y, kabuleta yake ndi ya Aisan yomwe inabwera nayo. Ntchito yake ndi kunyamula nshawa ndi soya kuchokera kuno kupita ku Chipata, ndiye fumbi imalidya lokwanira.

Vuto lake ndi ili. Injini ikatentha, ndikachotsa phazi pa akisileta moto sutsika. Imangolirabe pamwamba mpaka nditagogoda pedulo ndi phazi, ndiye imatsika. Nthawi zina zimakhala zosiyana: ndikafuna kunyamuka pedulo imalimba poyamba, ndikawonjezera mphamvu imamasuka mwadzidzidzi motoka n'kulumpha. M'mawa injini ili yozizira sizichitika kawirikawiri, ndipo ikakhala yozimitsa pedulo imayenda bwinobwino. Mnyamata wina anamangirira legeni pa mkono wa kabuleta kuti lizithandiza sipuling'i. Zinakhalako bwino pang'ono, tsopano zayambiranso. Ena akuti ndigule kebulo, ena akuti kabuleta yatha. Ndiyambire pati kuti ndisataye ndalama?

Makanika wa ku Kapata

Achimwene, musagule kanthu kaye. Ndipo tisanagwire sipanala mumve izi, chifukwa motoka imeneyo imanyamula katundu ndi anthu. Moto ukakanirira muli pamsewu, pondani kilachi, ikani giya pa fili, gwirani buleki kamodzi mwamphamvu osapopa, kenako bwezani kiyi sitepe imodzi yokha kuti injini izime. Sitepe imodzi basi, chifukwa mukaibweza mpaka kumapeto chiwongolero chikhoza kukiya muli pa liwiro. Buleki osapopa chifukwa booster (chipangizo chofewetsa pedulo ya buleki) imadalira vacuum (mphamvu yoyamwa ya injini) ya mu manifold (paipi yolowetsa mpweya mu injini), ndipo butterfly (kambale kotsegula ndi kutseka njira ya mpweya mu kabuleta) ikakhala yotseguka vacuum imeneyo imakhala yochepa kwambiri. Mukapopa kawiri katatu yomwe inasungidwa ija yatha, pedulo ya buleki n'kuuma gwa. Kuwerama kuti mukoke akisileta ndi dzanja motoka ikuyenda, chonde ayi.

Tsopano kufufuza. Kuchokera kuphazi lanu kukafika mu injini pali zinthu zitatu: pedulo, kebulo ndi kabuleta. Ntchito yoyamba ndi kudziwa chomwe chikugwira mwa zitatuzi, ndipo nthawi yabwino yodziwira ndi pamene vutolo lilipo. Yendetsani motoka mpaka itenthe. Moto ukakanirira musagogode pedulo. Imani pamalo abwino, giya pa fili, handibuleki, mwala kutayala, tsegulani boneti injini ikulira choncho. Samalani ndi fani ndi lamba, malaya a manja aatali pindani.

Yang'anani mkono wa kabuleta pamene kebulo imakoka. Pali sikulu ya idling (kulira kwa injini osaponda akisileta) yomwe mkonowo umayenera kukhalapo ukabwerera. Dulani kapepala kakang'ono mukalowetse pakati pa nsonga ya sikuluyo ndi mkono. Kapepala kakalowa ndi kutuluka momasuka, ndiye kuti mkono sunafike kwawo, china chake chaugwira panjira. Ukankheni ndi chala kulowera kotseka. Moto ukatsika nthawi yomweyo, mwatsimikiza.

Koma musanaukankhe, gwirani waya wamkati wa kebulo, uja woonekera pakati pa bulaketi ndi mkono. Apa ndiye pamene pali yankho lenileni. Waya ukakhala wokungika, ndiye kuti kebulo kapena pedulo ndiyo ikukoka mkono, kabuleta ilibe mlandu. Waya ukakhala wolendewera koma mkono uli wotsegukabe, kebulo yabweza kale mbali yake, chogwira chili mu kabuleta momwemo. Ndipo ngati kapepala kakukanika kulowa, mkono wakhala pa sikulu bwinobwino koma injini ikulirabe pamwamba, imeneyo si nkhani ya kukanirira ayi. Mpweya ukulowera kwina, kapena pali mbali ina ya kabuleta yomwe sinatseke.

Mukatero zimitsani injini, masulani manati awiri a pa bulaketi, chotsani kamutu ka kebulo pa mkono. Yesani chilichonse pachokha. Kokani waya wamkati ndi zala wina akuponda ndi kusiya pedulo pang'onopang'ono. Uyenera kutsetsereka popanda kukhakhala kulikonse. Onani kumapeto konse kuwiri, kwa kabuleta ndi kwa pedulo, ngati pali tingwe tomwe tadukaduka. Kangwe kamodzi kokha kakaduka kamapindika n'kumakola mkati mwa chikopa cha kebulo, lero kakola, mawa kasiya. Kebulo yotero siikonzedwa, imasinthidwa.

Pansi pa pedulo panso muyang'ane. Kapeti wopindika, chiguduli cha thumba, chitsononkho, makoko a nshawa odzaza kuseri kwa pedulo, matope a dzinja omwe anaumira pa pini yomwe pedulo imazungulirapo, zonsezi zimagwira pedulo ndithu.

Pobwezeretsa kebulo musaikunge. Siyani kampata ka mamilimita 2 kapena 3 kuti pedulo iyambe yayenda pang'ono mkono usanasunthe. Kebulo yokungika imaoneka yabwino injini ili phee, koma injini ikangogwedezeka imakoka mkono yokha.

Legeni lija chotsani lero. Mphira wa chubu sukhalitsa pa petulo ndi kutentha, udzaduka tsiku lomwe mukuudalira. Chachiwiri, likubisa vuto uku likulikulitsa, chifukwa likukokera shafiti ya butterfly mbali imodzi n'kumadya malo omwe imazungulira.

Wamagetsi wa ku Katete

Zomwe anena akuluwa ndi zoona. Ine ndiwonjezere za kebulo, chifukwa pali chinthu chimodzi chomwe chimapha makebulo atsopano motsatizana eni ake osadziwa: waya wa earth wa injini.

Sitata ikamazungutsa injini imakoka ma amp oposa 100, ndipo magetsi onsewo amayenera kubwerera ku batire kudzera pa waya wonenepa wochokera pa injini. Wayayo akaduka, akachita dzimbiri pa bauti, kapena akaiwalika pamene injini inatsitsidwa, magetsi amafuna njira ina. Njira yapafupi yachitsulo yolumikiza injini ndi bodi nthawi zambiri imakhala kebulo ya akisileta kapena ya choki (mbale yochepetsa mpweya poliza injini yozizira). Waya wamkati umatentha, pulasitiki ya mkati mwa chikopa imasungunuka n'kuumanso mokhwinyata, kebulo n'kuyamba kukola. Mukaliza motoka m'mawa, gwirani kebulo nthawi yomweyo injini isanatenthe. Ikakhala yofunda, earth yanu ili ndi vuto. Amene ali ndi mita aike pa volts, nsonga imodzi pa negative ya batire, ina pa chitsulo choyera cha injini, wina alize. Isapitirire 0.3. Ikafika 0.5 kapena kuposa, masulani waya, palani ndi sandipepa mbali zonse mpaka chitsulo chiwale, mangani bwino, kenako ndiye mugule kebulo.

China ndi ma mounting, pamene injini imakhalapo. Pa misewu ya mabampu mphira wake umang'ambika, injini n'kumadzuka mbali imodzi mukamanyamuka ndi katundu kapena pokwera chitunda. Ikadzuka imakoka kebulo, moto n'kudziwonjezera wokha. Kuyesa kwake: handibuleki, miyala kumatayala, wina alowetse giya wani n'kutulutsa kilachi pang'ono chabe kwa kamphindi, kenako livesi chimodzimodzi. Inu muime pambali pa motoka, osati kutsogolo, muone ngati injini ikunyamuka kwambiri.

Onaninso njira yomwe kebulo yadutsa. Pa 4Y manifold ya mpweya ndi ya ekizozi zili mbali imodzi, kabuleta yakhala pamwamba pa malo otentha kwambiri. Chitsulo chotchinga kutentha chikachotsedwa, kapena kebulo ikagona pafupi ndi ekizozi, imayenda bwino m'mawa n'kumakola masana, zomwe zikufanana ndi zomwe mwafotokoza. Kebulo ya motoka ina yomwe ndi yaifupi kapena yaitali mopitirira imapindika mwamphamvu, ndipo popindika pamenepo ndi pamene imayambira kudyeka.

Za girisi ndikanize. Kebulo yokhala ndi pulasitiki mkati siifuna girisi, ndipo kuno kwathu girisi akakumana ndi fumbi la mwezi wa September amasanduka phala lokhakhala lomwe limapala waya. Ngati ndi kebulo yakale yachitsulo chokhachokha, ipachikeni, tsirani parafini kumtunda mpaka wotuluka kumunsi ayere, kenako madontho ochepa a oilo wopepuka.

Madala wa makabuleta, Petauke

Mwana wanga, yesani zonse zomwe anena anzangawa chifukwa sizidya ndalama. Koma m'mawu anu muli zinthu ziwiri zomwe zikundilozera ku kabuleta. Mwati injini ikakhala yozimitsa pedulo imayenda bwino. Mwatinso nthawi zina imalimba poyamba kenako n'kulumpha. Kebulo yoduka tingwe imakhakhala injini ikulira kapena ili chete, siisankha. Chomwe chimasintha injini ikalira ndi vacuum.

Injini ikakhala pa idling butterfly imakhala pafupifupi yotseka. Kumunsi kwake mapisitoni akuyamwa, kumtunda mpweya wakunja ukukankha. Pa kambale kakang'ono ngati kameneko mphamvu yake imafika makilo 3 kapena 4, ndipo yonse imatsamira pa shafiti. Shafiti ikakhala yabwino m'mabowo ake palibe chimachitika. Koma ikadyeka, kapena mabowo akakula, vacuum imaikokera pansi ndi pambali, m'mphepete mwa butterfly n'kumakhuza khoma la m'mero wa kabuleta. Mukazimitsa injini mphamvu ija yachoka, zonse n'kumayenda ngati palibe vuto. N'chifukwa chake ambiri amayesa kabuleta ili pa tebulo n'kunena kuti ili bwino.

Kuyesa shafiti: injini yozimitsa, kebulo ndi sipuling'i zochotsa, tsegulani mkono pang'ono, mugwire kumapeto kwa shafiti muigwedeze m'mwamba ndi pansi, kutsogolo ndi kumbuyo. Muitsegule kaye, chifukwa butterfly ikakhala yotseka imadzigwira pakhoma n'kubisa kugwedera. Kusuntha komwe mukukuona ndi maso kapena kumva kuti kha kha, kwachuluka. Mbali ya mkono ndi yomwe imadyeka kwambiri popeza ndi komwe kebulo ndi sipuling'i zimakokera. Njira ina, injini ili pa idling, fayirani carb cleaner (mankhwala otsukira kabuleta) pang'ono chabe pamene shafiti yatulukira. Kulira kwa injini kukasintha, mpweya ukulowera pamenepo. Pochita izi chidebe cha mchenga chikhale pafupi, pansi pake pali ekizozi yotentha, ndipo pasakhale wosuta fodya.

Tsopano mumvetse momwe vuto limodzi limaberekera linzake. Shafiti yodyeka imalowetsa mpweya wakuba, idling imakwera. Munthu amatenga sikuludilaiva n'kubweza sikulu ya idling kuti itsike. Pakapita miyezi yakweranso, abwezanso. Mapeto ake sikulu ija siikhudzanso mkono, butterfly ikutsekera pakhoma penipeni. Sikuluyo ntchito yake si kukweza idling kokha, imagwiranso butterfly kuti isalume khoma. Ikaluma, ndipo chitsulo chatentha, vacuum ikukoka, imakanirira ngati chitseko cha matabwa nthawi ya mvula: mumakankha osatseguka, kenako chatseguka chonse kamodzi. Kulumpha kwa motoka yanu kuja ndi kumeneko. Pakapita nthawi butterfly imakumba kamzera pakhoma, ndipo pobwerera imatha kukodwa pa mlomo wa kamzerako isanafike pansi. Pamenepo ndiye moto sutsika mpaka mutagogoda. Choncho kapepala kaja mukayesenso pamene idling ili bwinobwino. Kakatulukabe momasuka, sikulu yanu siikugwira ntchito.

Musanatsitse kabuleta yesaninso manati anayi a pansi, aja a sipanala 12. Anthu amawamanga ngati a tayala pofuna kuletsa mpweya kulowa, tsinde la kabuleta n'kupindika, makamaka likakhala la aluminiyamu. Injini ili yotentha koma yozimitsa, masulani lililonse kotala ya kuzungulira, muyendetse mkono. Ukamasuka, tsinde lapindika kapena gasiketi yafinyikira mkati. Gasiketi yodula pamanja pa katoni, kapena silikoni wopaka mochuluka, zimatulukira m'mero n'kumakola m'mphepete mwa butterfly ikamatseguka. Pansi pa kabuleta silikoni sayenera kupezekapo n'komwe, petulo amamufewetsa. Chipulasitiki chochindikala chomwe chimakhala pakati pa kabuleta ndi manifold chisachotsedwe, ndi chomwe chimatchinga kutentha, ndipo muone ngati sichinang'aluke.

Mukaganiza zotsitsa, jambulani mapaipi onse a vacuum ndi foni mbali zitatu, ndipo muike chizindikiro pa lililonse. Kabuleta ya Aisan ili ndi timapaipi tambiri, kusokoneza tiwiri tokha kumabweretsa vuto latsopano. Ikangochoka, tsekani kamwa la manifold ndi nsalu yoyera. Tsukani m'mero ndi carb cleaner ndi kabulashi ka mano, makamaka kamzera kakuda komwe butterfly imatsekera, chifukwa utomoni wa petulo wosakanizika ndi fumbi nawonso umamata ukatentha. Waya kapena sandipepa m'mero osalowetsamo. Kenako bwezani sikulu ya idling, tsekani butterfly, muyang'anire ku dzuwa kapena pa tochi. Kuwala kuyenera kuoneka kochepa kwambiri ndiponso kofanana kuzungulira. Kukakhala kwambiri mbali imodzi, mbali inayo kuli mdima ndi pokhulika powala, butterfly yasuntha pakati.

Tsinde lopindika limawongoledwa pa galasi lochindikala: sandipepa wa 400 pamwamba pake, madontho a parafini, kuyendetsa mozungulira mosakanikiza mpaka pansi ponse pachite mtundu umodzi. Masitadi kapena chilichonse chotulukira pansi muyambe mwachotsa.

Shafiti yogwedera mankhwala ake ndi mabushi, timapaipi tachitsulo tolowetsa m'mabowo momwe shafiti imazungulira. Apa pakufunika kudekha. Timasikulu tiwiri togwira butterfly tinaphwanyidwa kumapeto ku fakitale kuti tisamasuke. Mukatipotokola choncho timaduka kapena kuwononga mazinga a mu shafiti. Palani kaye kumapeto kophwanyikako ndi tupa yaing'ono mpaka kufanane ndi shafiti, ndiye mumasule ndi sikuludilaiva yokwana bwino. Musanachotse butterfly ilembeni chizindikiro cha kumtunda ndi mbali yomwe yaloza, chifukwa m'mphepete mwake munadulidwa mopendekera, ikalowa chogadama siitsekanso. Wa lathe (makina opalira zitsulo) akupangireni mabushi a brass, ndipo mumuuze kuti mabowo awiriwo awapale pamodzi pa mzera umodzi. Akapala lililonse palokha shafiti idzalimba kuposa poyamba. Shafiti yokhayo ikakhala ndi khosi lodyeka, bushi yatsopano siithandiza, ipezeke ina.

Pobwezeretsa, timasikulu timangidwe mosalimbitsa kaye. Sikulu ya idling ili yobweza, tsegulani ndi kutseka mkono kangapo kuti butterfly idzipezere pakati yokha, yang'anirani pa kuwala, muigwire chotseka ndi chala, ndiye mulimbitse. Pakani thread lock (guluu woletsa sikulu kumasuka), kapena muphwanyenso kumapeto mutachirikiza shafiti pansi kuti isapindike. Izi musazidumphe. Kasikulu kameneko kakamasuka njira yake ndi imodzi, kulowa mu silinda.

Gasiketi yatsopano, manati anayi kumanga mopingasa pang'onopang'ono ndi sipanala yaifupi, dzanja limodzi. Sikulu ya idling muilowetse mpaka ikhudze mkono, muwonjezere kuzungulira kumodzi ndi theka poyambira, injini itenthe, ndiye muikhazike pakati pa 750 ndi 850 rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi imodzi). Sipuling'i ikhale yake yeniyeni pamalo pake. Ngati mukufuna yachiwiri yachitetezo, ikhale yofewa, ndipo ikoke molunjikana ndi kebulo kuchokera pamalo omwewo pomwe kebulo yagwira, kuti mphamvu ziwirizo zithane zokha osatsamira pa shafiti.

Mphunzitsi wa zamakaniko

Madala afotokoza mokwanira za shafiti. Koma bambo a ku Chadiza, musanafike pa tupa ndi lathe, chotsani air cleaner (chibokosi cha fyuluta ya mpweya) muone mbali ya choki, chifukwa mawu akuti "ndikagogoda pedulo imatsika" ndi momwenso fast idle cam imachitira.

Cam imeneyi ndi kachitsulo ka masitepe kolumikizidwa ndi choki. Injini ikazizira kamagwira mkono wotseguka pang'ono kuti isazime. Ikatentha choki imatseguka, kachitsuloko kamayenera kuchoka panjira. Fumbi ndi utomoni zikakamata, kapena choki ikamatseguka mosafika kumapeto, kamatsalira pa sitepe yomaliza n'kumakola mkono nthawi zina. Injini ili yotentha, mbale ya choki iyenera kuima chilili. Ikakhala yopendekera, fufuzani chifukwa: ngati ndi yamagetsi onani kuti waya wake ukufikitsa magetsi injini ikulira, ngati ndi ya kebulo onani kuti kebulo ikuibweza yonse. Tsukani cam ndi timikono take ndi carb cleaner, muisiye youma osapaka oilo. Nati ya pamwamba pa air cleaner imangidwe ndi zala zokha. Ikalimbitsidwa ndi pulayala imatha kupinda kamwa la kabuleta choki n'kumakola, ndipo muonenso ngati pansi pa air cleaner sipakukhudza mkono uliwonse.

Kachiwiri, kabuleta imeneyi ili ndi mimero iwiri. Butterfly yachiwiri imatseguka pokhapokha mukaponda kwambiri, monga pokwera chitunda ndi matumba. Popeza siigwira ntchito kawirikawiri, shafiti yake imamata, ndipo ikatseguka imatha kubwerera mosafika. Kampata kochepa chabe kumeneko kamakweza moto kwambiri, pamene mkono woyamba wakhala pa sikulu yake bwinobwino. Ngati vuto limabwera mukangotsiriza chitunda, moto ukakanirira kankhani mkono wa butterfly yachiwiri ndi chala muone.

Pampu ya akisileta, yomwe imafayira petulo mukaponda, nayo iyesedwe: chotsani kandodo kake muyendetse mkono. Mphira wa pampu ukatupa kapena kandodo kakapindika, mkono umabwerera mwaulesi. Ndipo ngati pali dashpot, kaja kokhala ndi kamutu komwe mkono umagunda pobwerera, kuchedwetsa kwa sekondi imodzi kapena ziwiri ndi ntchito yake, si vuto. Kakagwira mpaka kalekale ndiye kasinthidwe kapena kabwezedwe pang'ono.

Zonsezi zikakhala bwino koma moto ukutsikabe mochedwa, tsegulani distributor, chija chogawa magetsi ku mapulagi. Potokolani rotor ndi zala muisiye, iyenera kubwerera yokha msanga. Zitsulo za advance, zomwe zimafulumizitsa magetsi a mapulagi injini ikathamanga, zikachita dzimbiri zimatsalira potseguka, injini n'kumathamanga ngakhale butterfly yatseka.

Mlimi wa ku Chadiza

Zikomo kwambiri nonse. Ndayesa monga mwanenera. Moto utakanirira waya wa kebulo unali wolendewera, kapepala kanalowa momasuka, nditakankha mkono ndi chala moto unatsika. Kebulo payokha ikutsetsereka bwino, siifunda poliza. Choki ikuima chilili, butterfly yachiwiri yatseka. Koma a Madala munalasa: ngakhale idling ili bwino kapepala kakutulukabe, sikulu siikhudza mkono n'komwe. Shafiti mbali ya mkono ikugwedera moonekera, ndipo gasiketi ya pansi ndi ya katoni. Legeni ndachotsa. Funso langa tsopano: ndiike mabushi, kapena ndigule kabuleta yatsopano ya m'mashopu a sipeya? Wina akunditchulira kabuleta ya Weber.

Madala wa makabuleta, Petauke

Yankho lili pakhoma la m'mero, mwana wanga. Mukaitsitsa ndi kuitsuka, yendetsani chikhadabo pamene butterfly imatsekera. Ngati pangosintha mtundu koma chikhadabo chikudutsa osakodwa, ikani mabushi, Aisan imeneyo idzakutumikirani zaka zambiri, ndipo majeti ake (timabowo topima petulo) ndi oyenera kale injini yanu. Chikhadabo chikakodwa pa kamzera, mabushi okha sathetsa, chifukwa butterfly ikabwerera pakati kamzerako kadzalowetsa mpweya ndipo idling siidzakhazikika. Pamenepo funani tsinde la kabuleta ina ya mtundu womwewo kwa ogulitsa zakale, muliyese shafiti ndi kuwala musanalipire. Tsinde limamasuka palokha, simufunika kugula yonse.

Zatsopano za m'mashopu zimasiyana kwambiri, zina zabwino, zina zimabwera butterfly ili kale pambali. Mukasankha njira imeneyo pitani ndi yakaleyo m'manja. Yerekezani mabowo anayi a pansi, mbali yomwe mkono wakhala ndi komwe umazungulira, timapaipi ta vacuum, mtundu wa choki, ndi solenoid ya idling (kachipangizo kamagetsi kotseka petulo mukazimitsa injini) ngati yanu ili nayo. Tsegulani mkono muusiye kangapo, uyenera kubwerera wokha ndi kamphokoso komveka. Yang'anirani pa kuwala, gwedezani shafiti, ndipo muone ngati timasikulu ta butterfly tinaphwanyidwa kumapeto. Weber 32/36 ndi kabuleta yabwino, koma pa 4Y imafuna adaputa ya pansi, bulaketi ina ya kebulo, air cleaner yoyenera ndi munthu wodziwa kusankha majeti. Bulaketi yopangidwa mwachidule imakoka kebulo mopendekera, n'kubweretsanso kukanirira komwe mukuthawaku. Pa vuto lanu ine sindikuona chifukwa chopitira kumeneko.

Kuti mufike nayo ku Chipata: lowetsani sikulu ya idling mpaka igwire kapepala, muwonjezere theka la kuzungulira kuti butterfly ichoke pakhoma. Idling idzakwera, mwina kufika cha ku 1000, ipirireni osaibwezanso. Pitani opanda katundu ndiponso opanda anthu kumbuyo, phazi lamanzere lili pafupi ndi kilachi.

Ntchito ikatha musaiwale chomwe chinadya shafitiyo. Onani fyuluta ya mpweya ndi mphira wa pansi pa air cleaner. Mukapeza fumbi lofiira mkati, kuseri kwa fyuluta, pali podutsira, ndipo mabushi atsopano adzatha chimodzimodzi. Kunja kwa kabuleta kukhale kouma, chifukwa pamene panyowa ndi oilo ndi pamene fumbi limamatirira n'kulowa m'mabowo a shafiti.

Musanatuluke pamsewu, injini yozimitsa, wina aponde pedulo mpaka pansi inu mukuyang'ana: butterfly iime chilili pedulo itafika pansi, kebulo isakungike mopitirira, ndipo akachotsa phazi pang'onopang'ono mkono ukhale pa sikulu n'kugwira kapepala. Aponde ndi kusiya kakhumi, mwachangu ndi mwapang'onopang'ono, chifukwa kusiya pang'onopang'ono ndi komwe kumaulula kukola. Bwerezani injini ikulira, itatentha, air cleaner itamangidwa pamalo pake.